Kufunsa encoder zomwe ingathe: tibweze mndandanda kapena tiyankhe funso?

Tadala
Moni nonse. Ndikulemba laibulale yaing'ono yoti mapulogalamu ojambula ndi kutumiza vidiyo azigwiritsa ntchito. Pansi pake izilankhula ndi ma encoder, zida zopanga vidiyo, kudzera mu VA-API pa Linux, NVENC pomwe pali khadi la NVIDIA, ndi MediaCodec pa Android. Pali pamene ndaima: pulogalamu ikafunsa kuti makina ano angapange vidiyo yamtundu wanji, ndiiyankhe bwanji? Maganizo omwe ndili nawo ndi function imodzi yobweza mndandanda wa ma codec, kutanthauza mitundu ya vidiyo, H.264, HEVC, VP9, AV1, ndipo pambali pa uliwonse pakhale m'lifupi ndi m'litali mwa chithunzi chachikulu chomwe ungakwanitse. Ndisanapite patali ndikufuna ndimve kwa inu amene munadutsamo kale.

Mwale
A Tadala, mndandanda umenewo ndi wokongola pa pepala, koma ukadzafika pa makina a anthu udzayamba kunena zabodza. Dzina lakuti H.264 likubisa zambiri: muli ma profile, kutanthauza magulu a zomwe codec imalola, monga Baseline, Main ndi High. HEVC ili ndi Main ya 8-bit ndi Main 10 ya 10-bit, ndipo pali ma GPU omwe amatha yoyambayo koma yachiwiri ayi. Kenako pali zomwe mukuidyetsa encoder, ma pixel format, kutanthauza kasungidwe ka zithunzi. NV12 pafupifupi onse amalandira, P010 ndi ya 10-bit, ina imalandira RGB n'kusandutsa yokha, ina imakana. Ndipo zonsezi zimadalirana. Makhadi ambiri a NVIDIA amafika 8192 pa HEVC koma pa H.264 amaima pa 4096.

Onani mmene VA-API inachitira, popeza muziitana kale. Mumayamba ndi vaQueryConfigProfiles. Pa profile iliyonse mumafunsanso vaQueryConfigEntrypoints kuti mudziwe ngati chipangizocho chimapanga vidiyo yamtunduwo kapena chimangowerenga. Apa m'pomwe ambiri amagwera: kuona AV1 pa ma profile si umboni woti mungapange AV1, mwina pali VAEntrypointVLD yokha, yowerengera. Mukapeza EncSlice kapena EncSliceLP m'pamene mumafunsa vaGetConfigAttributes za rate control, kutanthauza mmene encoder imayendetsera kuchuluka kwa data yotuluka, ndipo ma pixel format ndi malire a kukula mumawapeza kwa vaQuerySurfaceAttributes mutapanga kale config. Funso lililonse likudikira yankho la linzake. Sanachite izi kuti atizunze ayi, ndi mmene zipangizozo zilili.

Tadala
Ndamva. Nanga ndikabweza mizere yonse yophatikiza? Mzere uliwonse ukhale ndi codec, profile, pixel format, rate control ndi malire ake.

Mwale
Tawerengani. Tiyerekeze ma codec 4, ma profile atatu pa iliyonse, ma pixel format 5, njira za rate control zitatu. Imeneyo ndi mizere 180, musanakhudze n'komwe kukula ndi liwiro. Ndipo ziwiri zimenezo sizingalowe mu mzere, chifukwa zimakokerana. Mu H.264 chithunzi cha 1920x1080 chimadulidwa timabwalo ta 16x16, 120 chopingasa ndi 68 chotsika, pamodzi 8160. Level 4.1, umodzi mwa milingo ya malire a H.264, imalola timabwalo 245,760 pa sekondi. Pa zithunzi 30 pa sekondi mufunika 244,800, mwalowa movutikira. Pa 60 mufunika 489,600, ndiye mwatuluka, mufunika level 4.2 yomwe imalola 522,240. Encoder yoima pa 4.1 idzanena zoona ikati "1080p ndimatha", idzanenanso zoona ikati "60 pa sekondi ndimatha", chifukwa pa 720p imathadi. Pulogalamu yowerenga mndandanda wanu idzaphatikiza ziwirizo n'kugwa.

Nabanda
Ine ndimakhala kwambiri ku mbali ya browser, ndiye ndinene zomwe anachita kumeneko. WebCodecs, njira ya browser yopangira ndi kuwerengera vidiyo, yomwe inalowa mu Chrome 94 mu 2021, ilibe mndandanda ndi pang'ono pomwe. Ili ndi VideoEncoder.isConfigSupported. Mumaipatsa zonse zomwe mukufuna: codec, m'lifupi, m'litali, bitrate, framerate, ndipo imakuyankhani ngati zingatheke. Chomwe ndimachikonda n'choti chinthu chomwe mumafunsira ndi chomwecho chomwe mumapereka kwa configure poyatsa encoder. Palibe kumasulira kuchoka ku chilankhulo cha mafunso kupita ku chilankhulo cha ntchito, ndiye palibenso pomwe kanthu kangatayike pakati.

Chinanso, yankho limabwera ndi config yomwe ili ndi zokhazo zomwe browser yazizindikira. Mukaikamo chinthu chatsopano chomwe browser yakale sichidziwa, sichibwerera, ndipo mumadziwa kuti "inde" mwapatsidwayo sanachiganizire. A Tadala, ichi chokha mukachitenga mwapindula.

Tamanda
Pepani achemwali, koma ine ndine amene ndidzagwiritse ntchito laibulale ngati imeneyi, ndipo inde kapena ayi yekha sandikwanira. Ndili ndi tsamba la ma settings pomwe munthu amasankha mtundu wa vidiyo. Ndiikepo chiyani? Ndikhale ndikuponya mafunso makumi asanu, "AV1 pa 4K? Ayi. AV1 pa 1080p? Ayi. HEVC pa 4K?", kuti ndidzaze kabokosi kamodzi? Komanso mawa kukabwera codec yatsopano, pulogalamu yanga sidzaiona chifukwa sindinadziwe kuti ndiifunse.

Nabanda
Zoona, ndipo olemba masamba ambiri amachitadi zimenezo, kuponya mafunso mpaka limodzi lilowe. Koma browser ili ndi chifukwa chake chokanira mndandanda. Tsamba lililonse lomwe mwatsegula likanatha kuwerenga zonse zomwe GPU yanu imatha n'kukuzindikirani nazo, ngakhale mutafufuta ma cookie. Laibulale ya a Tadala ikuyenda m'kati mwa pulogalamu yomwe mwini makina waika yekha, ndiye nkhawa imeneyo palibe. Akhoza kupereka zonse ziwiri.

Tamanda
Zikatero ndilibe mawu. Ndipatseni mndandanda wamfupi woti ndionetse munthu, ndi funso loti ndifunse akasankha.

Limbani
Musanagwirizane msanga, tiyambe tamvana kuti mawu akuti "imatha" akutanthauza chiyani, chifukwa ine ndikuonapo zinthu zitatu zosiyana.

Lembani ffmpeg -encoders pa kompyuta yopanda khadi la NVIDIA. Ngati FFmpeg yanuyo, pulogalamu yodziwika yosinthira vidiyo, anaimanga ndi NVENC, h264_nvenc ionekabe. Mndandandawo ukunena zomwe zili mu pulogalamu, za m'makina sukuzidziwa. Chimenecho n'choyamba. Chachiwiri ndi zomwe chipangizo ndi driver yake zimatha. Makhadi a RTX 30 amawerenga AV1 koma sapanga. Kupanga kunayamba ndi RTX 40 mu 2022, chaka chomwenso Intel Arc inabwera nayo. Chachitatu ndi zomwe zingatheke pa mphindi ino. Pa makhadi a GeForce pali malire a ma session a NVENC otseguka nthawi imodzi: anali 3, mu 2023 anafika 5, mu 2024 anafika 8. Ngati mapulogalamu ena atenga onse, khadi lomwe "limatha" HEVC likukanizani.

Ndipo pali msampha wina. Ku NVENC simungafunse nvEncGetEncodeGUIDs kapena nvEncGetEncodeCaps musanatsegule session. Kufunsako kumadya malo a ntchito yeniyeni, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Wina akamafunsa laibulale yanu mobwerezabwereza pamene pulogalamu ina ikufuna kuyamba kujambula, mukhoza kuilepheretsa.

Mwale
Zimenezo n'zoona achimwene. A FFmpeg nawonso anasiya njira yakale ija. Kwa zaka zambiri AVCodec inali ndi pix_fmts, mndandanda wokhazikika wolembedwa m'khodi momwemo. Mu 7.1 ya 2024 anabweretsa avcodec_get_supported_config, yomwe imalandira context, kuti yankho lizitha kudalira zomwe mwasankha kale. Anthu amene anayamba ndi mndandanda wokhazikika akuchokako, inu musalowereko.

Chisomo
Ndilankhuleko za Android popeza a Tadala aitchula. Pa maonekedwe, MediaCodec ili ndi zonse zomwe mukukambiranazi. MediaCodecList imapereka mndandanda, VideoCapabilities ili ndi isSizeSupported ndi areSizeAndRateSupported, ndiye kukokerana kwa kukula ndi liwiro komwe a Mwale afotokoza anakuganizira. Pali getWidthAlignment ndi getHeightAlignment, zomwe simuyenera kuziiwala, chifukwa encoder ina imafuna kuti m'lifupi mugawike ndi 2 pomwe ina imafuna 16.

Koma zambiri mwa zomwe imayankha zimachokera m'mafayilo a XML, monga media_codecs.xml, omwe wopanga foniyo amalemba. Si chipangizo chomwe chikuyankha, ndi munthu amene analemba zomwe akukhulupirira kuti chipangizocho chimatha. Ndinakumanapo ndi foni yomwe inkavomera kukula kwina pofunsa, configure n'kudutsa, koma vidiyo yotuluka inali ndi mzere wobiriwira m'mphepete. Palibe funso lomwe likanandichenjeza.

Android yomweyo imasiyanitsa zomwe codec imalola ndi zomwe foni imakwanitsadi: pali getSupportedFrameRatesFor, palinso getAchievableFrameRatesFor, ndipo Android 10 inawonjezera PerformancePoint. Mu Android 10 momwemo ndi momwe munabwera isHardwareAccelerated. Kale tinkayang'ana dzina, likayamba ndi OMX.google kapena c2.android tinkadziwa kuti imeneyo ndi ya CPU. Chonde a Tadala, musatisiye tikulosera kuchokera ku mayina. Ikani poyera kuti encoder iyi ndi ya chipangizo kapena ya CPU.

Nabanda
Ndikuvomereza kwambiri. Pa foni kusiyana kumeneko ndi batire komanso kutentha. Media Capabilities ya pa browser imayankha zinthu zitatu padera: supported, smooth ndi powerEfficient. Ndi yabwino kuposa canPlayType yakale yomwe inkayankha "maybe" kapena "probably" n'kukusiyani pomwepo osadziwa chochita.

Tadala
Ndiye ngati zonenedwa ndi driver sizodalirika kwathunthu, bwanji funso langa lizitseguladi encoder, n'kupanga chithunzi chimodzi chakuda, kenako n'kutseka? Yankho lake likhala loona.

Limbani
Likhala loona kuposa linalo, koma pamtengo. Kutsegula encoder kumatenga nthawi, kumadzutsa GPU yomwe pa laputopu mwina inali itagona, ndipo ndanena kale za ma session. A Tamanda akadzaitana zimenezo kakhumi potsegula tsamba lawo la ma settings, tsambalo lidzaima osayankha. Mapulogalamu ena amachitadi zoyesa ndi chithunzi chimodzi poyamba, ndipo sindikuwadzudzula. Koma chikhale chosankha cha woitana. Ikani flag: popanda iyo mufunse driver basi, ikakhalapo muyese zenizeni. Ndipo m'yankho mulembe kuti lachokera kuti, kwa driver kapena ku kuyesa.

Chisomo
Ngakhale kuyesako sikukanagwira mzere wobiriwira uja, pokhapokha mutawerenganso chithunzicho n'kufananiza ndi chomwe munalowetsa. Mufunikabe kamndandanda ka zipangizo zodziwika kuti zili ndi vuto. Ma browser akuluakulu ali nako.

Mwale
Ndibweretse nkhani ina yomwe sitinaikhudze: yankho likakhala ayi, pulogalamu ichite chiyani? "Ayi" wopanda chifukwa amabwezera woitana ku kulosera komwe a Tamanda akudandaula.

V4L2, mbali ya Linux yolankhula ndi zipangizo za vidiyo, ili ndi njira yake. VIDIOC_TRY_FMT sikana kawirikawiri. Imasintha zomwe mwapempha kukhala zapafupi zomwe driver ingathe, n'kukubwezerani m'malo momwemo. Mwapempha m'lifupi 1366, ikubwezerani nambala ina yogawika bwino. Ubwino wake mumapeza choti muchite nthawi yomweyo. Kuipa kwake n'koti wolemba pulogalamu akaiwala kufananiza zomwe anatumiza ndi zomwe zabwera, amapitiriza ngati zonse zili bwino, n'kumathira zithunzi za kukula kwina m'malo okonzedwera kukula kwina.

Vulkan Video, mbali ya vidiyo ya Vulkan yolankhula ndi ma GPU, inatenga njira ina. Mumapereka profile yathunthu, codec pamodzi ndi chroma subsampling ndi bit depth, kwa vkGetPhysicalDeviceVideoCapabilitiesKHR. Ikakana imakuuzani mbali yomwe yavuta: pali error ya codec, ina ya format, ina ya operation. Ikavomera imakupatsani malire a profile yomweyo basi. Kwa ine iyi ndiyo njira yoyera kwambiri mwa zonse tatchulazi, ngakhale imafuna kulemba kwambiri.

Tamanda
Ine ndingakonde zonse ziwiri: chifukwa chokanira, ndi lingaliro la chomwe chingatheke. Munthu akasankha 1080p pa 60 ndikufuna ndimuuze kuti "makina anu akhoza 30", osangoti "zakanika".

Mwale
N'zotheka, bola lingalirolo libwere pa malo akeake, osalemba pamwamba pa zomwe munapempha. Ndipo laibulale isasankhe yokha chotsitsa. Wojambula masewera angalole chithunzi chichepe bola 60 ikhalepo. Wojambula zolemba za pa sikirini angalole 15 pa sekondi bola zilembo zioneke bwino. Laibulale sidziwa kuti ikutumikira uti mwa awiriwa. Inene kuti chavuta ndi kuchuluka kwa timabwalo pa sekondi, ipereke liwiro lalikulu pa kukula komwe kwapemphedwa ndi kukula kwakukulu pa liwiro lomwe lapemphedwa, mwini pulogalamu asankhe.

Nabanda
Musiyanitsenso funso lolakwika ndi funso lomwe yankho lake ndi ayi. Mu WebCodecs mukapereka m'lifupi 0 mumalandira TypeError, chifukwa cholakwa chili m'khodi yanu. Mukapempha chinthu chomveka koma makina sangathe, mumalandira supported: false. Mukaziphatikiza, wolemba pulogalamu adzataya tsiku akuganiza kuti GPU yake ndi yakale pamene anangoiwala kudzaza nambala imodzi.

Tadala
Nanga codec ndiitchule bwanji, ndi enum kapena ndi mawu ngati a pa browser aja?

Nabanda
Mawu aja ali ndi ubwino woti aliyense amawadziwa ndipo amalowa mmene alili m'ma manifest a HLS ndi DASH, njira zotumizira vidiyo pa intaneti. avc1.640028 ndi High pa level 4.0: 64 ya mu hex ndi 100, nambala ya High, ndipo 28 ya mu hex ndi 40. Koma palibe amene amawalemba pamtima popanda kulakwitsa, ndipo codec iliyonse ili ndi kalembedwe kake, av01.0.04M.08 ndi vp09.00.10.08 sizifanana n'komwe. Mu laibulale ya C ine ndikanaika ma enum a codec, profile ndi level, n'kupereka function yothandizira yotulutsa mawuwo.

Limbani
Ma enum ndi abwino, koma mulembe kuyambira tsiku loyamba kuti woitana akakumana ndi nambala yomwe sakuidziwa aidumphe, asagwe. VVC, codec yotsatira HEVC, inamalizidwa mu 2020, ndipo tsiku lina mudzaiwonjezera. Pulogalamu yomwe inamangidwa chaka chatha ikadzalandira nambala yachilendo mu switch yopanda default, mlandu udzabwera kwa inu. Pa mndandanda perekaninso dzina loti munthu awerenge, kuti a Tamanda athe kuonetsa codec yomwe khodi yawo siidziwa.

Chimodzimodzi ma struct. Musamange struct imodzi yaikulu yokhala ndi za ma codec onse. Kusankha pakati pa CABAC ndi CAVLC ndi kwa H.264, film grain ndi ya AV1, tier ili mu HEVC ndi AV1 koma mu H.264 mulibe. Vulkan imalumikiza ma struct ndi pNext, NVENC imaika version mu struct iliyonse. Sankhani imodzi, kapena bisani zonse kuseri kwa pointer n'kupereka ma function owerengera. Chomwe musachite n'kutulutsa struct yopanda njira yokulira.

Tadala
Zikomo nonse. Nazi zomwe ndalemba pa pepala pano. Choyamba function yobweza ma encoder omwe alipodi pa makina, iliyonse ndi codec yake, dzina lake, ndi chizindikiro choti ndi ya chipangizo kapena ya CPU. Ukasankha encoder ndi profile, function yachiwiri ikupatsa ma pixel format, njira za rate control, malire a kukula ndi alignment. Yachitatu imalandira config yomweyo yomwe umatsegulira encoder, n'kuyankha inde kapena ayi pamodzi ndi chifukwa, ndipo ili ndi flag yoyesera zenizeni. M'malemba ndinena poyera kuti inde si lonjezo, kutsegula kukhoza kukanikabe. Ndaiwala chiyani?

Chisomo
Yachitatu isatseke thread ya woitana. Pa foni kufunsa kumadutsa ku process ina, ndipo ndi flag yoyesera ija kudikira kukhoza kukhala kwakutali.

Mwale
Mwaiwala kuti makina amodzi akhoza kukhala ndi ma GPU awiri. Laputopu yokhala ndi Intel m'kati ndi NVIDIA pambali ili ndi ma encoder awiri a HEVC a malire osiyana, ndipo pa Linux mudzaona renderD128 ndi renderD129 osadziwa kuti iti ndi iti mpaka mutafunsa. Choncho encoder iliyonse pa mndandanda inene kuti ili pa chipangizo chiti. Zili ndi ntchito kuposa mmene zikuonekera. Ngati zithunzi zanu zili kale mu memory ya GPU ina, encoder ya pa GPU inzake idzati inde, koma chithunzi chilichonse chidzayenera kukoperedwa kudutsa pa bus, ndipo liwiro lomwe munalonjezedwa lija silidzafika. Mu config muikemo komwe zithunzi zikuchokera: memory wamba, dmabuf, kapena texture ya pa chipangizo chakuti.

Limbani
Ndipo GPU ina imazulidwa, monga ya pa Thunderbolt. Ngati mutsatira kaitanidwe ka kawiri, koyamba kufunsa chiwerengero, kachiwiri kudzaza, chiwerengerocho chikhoza kusintha pakati. Bwezani mndandanda wonse kamodzi ngati chinthu chomwe woitana amamasula akamaliza.

Tadala
Chimenecho ndachitenga. Funso lomaliza: mayankho a kuyesa kwenikweni ndiwasunge pa disk kuti pulogalamu isamayesenso ikamayamba?

Limbani
Sungani, koma kiyi yake ikhale ndi ID ya chipangizo, version ya driver ndi version ya laibulale yanu. Driver ikasintha, zomwe imatha zimasinthanso, nthawi zina kuwonjezeka, nthawi zina kuchepa. Ndipo "ayi" wobwera chifukwa ma session atha kapena memory yadzaza musamusunge ngakhale pang'ono. Mukatero munthu amene anatsegula pulogalamu yanu tsiku lomwe GPU inali yotanganidwa adzakhala akujambula ndi CPU mpaka adzasinthe driver. Ndiye m'zifukwa zanu zokanira zija, "yatanganidwa" ikhale ndi nambala yakeyake.

Mwale
Pa Mesa, phukusi la ma driver a GPU pa Linux, onaninso mmene inamangidwira, osati version yokha. Ma distro ena amaimanga atachotsa H.264 ndi HEVC chifukwa cha nkhani za ma patent, ndiye munthu akhoza kusintha phukusi n'kukhala ndi version yomweyo koma ma profile osiyana. Kufunsa vaQueryConfigProfiles n'kotsika mtengo. Muzifunsa nthawi iliyonse poyamba, ndipo mndandandawo ukasiyana ndi womwe munasunga, tayani zosungidwazo muyesenso.